Tafunsani: Kodi Zimene Ndimaona M'chithunzi ndi Zimene Wojambula Anaikamo?

Mwezi uno makalata ambiri amene afika pa tsamba lino achokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo anayi mwa iwo akufunsa za zithunzi zojambula pamanja ndi utoto. Ndawaika pamodzi chifukwa, ngakhale olembawo sakudziwana, onse akulimbana ndi nkhani imodzi, yakuti munthu akaima patsogolo pa chithunzi n'kumva kanthu mumtima, kanthuko kamachokera kwa wojambula kapena kwa iye mwini. Makalatawa ndawafupikitsa kuti akwane pa tsamba.

Akonzi,
Ine ndine mayi wa zaka zopitirira 50, ndipo ndinakulira m'nyumba za antchito pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, kumene mayi anga ankathyola tiyi mpaka msana unawakanika. Mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito ku Blantyre, wagula chithunzi chachikulu chojambula ndi penti n'kuchipachika pabalaza pake. M'chithunzimo muli amayi asanu atawerama m'munda wa tiyi, madengu ali kumsana, ndipo kumbuyo kwawo kuli phiri la Mulanje litakutidwa ndi nkhungu. Alendo onse ofika pakhomopo amati n'chokongola ndipo chimawapatsa mtendere. Koma ine nditachiona misozi inalengeza, ndipo sindinathe kukhala moyang'anana nacho. Mwana wanga akuti ndikuchilakwira chithunzicho, chifukwa wojambulayo ankangofuna kuonetsa kukongola kwa kwathu kuno. Kodi ndine wosadziwa kuona zithunzi?
Mayi wa ku Makwasa, Thyolo

Mayi, simunachilakwire chithunzicho, ndipo misozi yanu si chizindikiro cha umbuli. Alendo amene amafika pabalaza pa mwana wanu amaona kubiriwira kwa munda ndi ukulu wa phiri, ndipo zimenezi zilimodi m'chithunzimo. Inu mukuona zina zimene zilimonso, koma zimene maso awo sanazolowere kuziona. Mukudziwa kulemera kwa dengu la masamba onyowa pamene zingwe zake zayamba kudya mapewa, mukudziwa mmene mvula ya mu Januwale imalowera m'zovala ngakhale munthu atadzikulunga pulasitiki m'chiuno, mukudziwanso mzere wa pa sikelo ndi nkhawa ya mayi amene akudikira kuti kalaliki alembe makilogalamu ake. Wojambula atangoika misana isanu yowerama pakati pa tiyi anaikamo zonsezi, kaya ankafuna kaya sankafuna, chifukwa msana wowerama m'munda wa tiyi uli ndi mbiri yake m'maboma athu awiriwa. Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, kenako anafalikira ku Thyolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo ambiri mwa amene anaswa mphanje pa maesiteti anali Alhomwe ochokera ku Mozambique, amene ankalipira malo okhala ndi thukuta lawo pansi pa thangata. Munthu amene mbiri imeneyi inadutsa m'nyumba mwake sangaone munda wa tiyi n'kungoti ndi wobiriwira.

Zimene zachitika pakati pa inu ndi alendowo zinachitikaponso ku France. M'chaka cha 1857 katswiri wojambula Jean-François Millet anaonetsa ku Paris chithunzi cha amayi atatu osauka akukunkha tirigu m'munda mmene okolola adutsa kale. Awiri awerama mpaka manja kufika pansi, wachitatu ali chiimire koma msana sunawongoke, ndipo wagwira ngala zowerengeka m'manja. Kutali kumbuyo kwawo kuli milu ikuluikulu ya zokolola, ngolo yodzaza, gulu la antchito, ndi munthu wokwera pa hatchi amene akuoneka kuti akuyang'anira ntchito. Anthu ena olemera a ku Paris chithunzicho chinawaopsa, chifukwa panali pasanathe zaka 10 kuchokera pamene anthu anaukira boma mu 1848, ndipo iwo anaona ngati Millet akuwakumbutsa za kuchuluka kwa amphawi ndi mkwiyo wawo. Patapita nthawi chithunzi chomwecho chinasindikizidwa kambirimbiri n'kumapachikidwa m'nyumba monga chikumbutso cha bata la kumudzi, ndipo Akhristu ambiri akachiona amakumbukira Rute akukunkha m'munda wa Boazi. Chithunzicho chili ku nyumba yosungiramo zojambula ya Musée d'Orsay mumzinda wa Paris mpaka lero, ndipo palibe chimene chinawonjezedwamo kapena kuchotsedwamo kuti anthu asinthe kaonedwe kawo.

Komabe sindikufuna kuti muwerenge yankho ili n'kuganiza kuti mwana wanu ndiye walakwa. Kunena kuti chithunzichi chimakukumbutsani kuvutika kwa mayi anu ndi nkhani ina, ndipo kunena kuti wojambulayo ankafuna kuonetsa kuvutika ndi nkhani inanso. Yoyambayo ndi yanu, ndipo palibe angakulandeni. Yachiwiriyo imafuna umboni wochokera pa nsalu pomwepo. Alipo ojambula amene sasiya chikayiko pa cholinga chawo. Gerard Sekoto wa ku South Africa, cha m'ma 1947, anajambula mzere wa amuna akuda atakweza mapiki m'mwamba onse pamodzi, ndipo pambali pawo anaika mzungu woyang'anira ntchito, manja ali m'thumba, kaliwo ali pakamwa. Pamenepo munthu safunikira kufotokozeredwa kuti wojambulayo waima mbali iti. Chithunzi cha mwana wanu mwina sichilankhula mokweza chotere, choncho mukadzapitanso ku Blantyre mudzakhale nacho pansi kwa kanthawi, pakuti akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mudzaone ngati amayiwo ali ndi nkhope kapena angokhala timadontho tofiira ndi tachikasu tokometsera munda. Mudzaone kumene kuwala kwagwera, pa phiri kapena pa manja othyola, ndiponso ngati madenguwo akukokera matupi pansi kapena akungolendewera ngati mulibe kanthu. Zinthu zing'onozing'ono zoterezi n'zimene zingakuuzeni ngati wojambulayo anaimapo m'munda wa tiyi m'mawa kapena anangouona ali pamsewu.

Ine chimene chimandikhudza pa zithunzi zambiri za minda ya tiyi zogulitsidwa kwa alendo n'chakuti othyola tiyi sapatsidwa nkhope. Phiri limajambulidwa mosamala mpaka mitsinje yake kuoneka, koma munthu amene wawerama pansi pake amangopakidwa kamodzi ndi burashi. Ndikadakonda ojambula athu atamayandikira n'kutionetsa zala zimene zikusankha masamba awiri ndi nsonga, chifukwa m'zala zimenezo muli luso la zaka zambiri. Pomaliza, Mayi, mumuuze mwana wanu za agogo ake mutaima naye patsogolo pa chithunzicho. N'kutheka kuti iyenso, pakati pa zithunzi zonse zimene zinali pa malonda, anasankha chimenechi chifukwa cha iwo.

Akonzi,
Ndimaphunzitsa Expressive Arts mu Sitandade 7 pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Muloza. Nditauza ana kuti ajambule phiri lathu, mtsikana wina analijambula lakuda bii, ndi mizere yofiirira yotsika kuchokera pamwamba mpaka pansi, popanda nyumba kapena munthu aliyense. Nditafunsa anzake tanthauzo lake, wina anati ndi napolo, wina anati ndi mitsinje imene imatipatsa madzi, wina anati ndi phiri lopsa ndi moto wa osaka ndi owotcha makala, ndipo wina anati ndi tsiku la chisangalalo. Mwini wake sanayankhe kanthu. Kodi yankho lililonse ndi lolondola? Nanga ndimukakamize mwanayo kunena chimene ankatanthauza?
Mphunzitsi wa ku Muloza, Mulanje

Aphunzitsi, mayankho ambiri akhoza kukhala olondola nthawi imodzi, koma si yankho lililonse limene lili lolondola. Njira yosiyanitsira ndi yapafupi, ndipo ana a Sitandade 7 akhoza kuigwira: aliyense amene wanena tanthauzo aimirire, apite pa chithunzicho, aloze ndi chala pamene walipeza. Amene anati ndi napolo adzaloza mizere yofiirira ngati matope ndi kusowa kwa nyumba. Amene anati ndi moto adzaloza kuda kwa phiri. Amene anati ndi mitsinje adzaloza mizere yomweyo, koma anzake adzamufunsa chifukwa chake madziwo sali oyera, ndipo adzayenera kuyankha. Amene anati ndi tsiku la chisangalalo mumupatse mpata nayenso, chifukwa mwina waona kanthu kamene ena onse akudumpha, koma akasowa poloza, aphunzire mwaulemu kuti zimene ananena zinachokera m'mutu mwake zisanadutse pa pepala.

Mukhoza kuwaonetsa chitsanzo chotchuka, ngati muli ndi foni yotha kutsegula intaneti. Pa 26 Epulo 1937 ndege zankhondo zinaphulitsa mabomba pa tauni ya Guernica ku Spain, ndipo chaka chomwecho Pablo Picasso anajambula chithunzi chachikulu, chotalika pafupifupi mamita 8, cha mitundu yakuda, yoyera ndi yotuwa yokha. M'menemo muli ng'ombe yamphongo ndi hatchi yolasidwa, ndipo mpaka lero akatswiri sagwirizana kuti nyama ziwirizi zikuimira chiyani. Ena amati ng'ombeyo ndi nkhanza, ena amati ndi dziko la Spain lenilenilo. Kusagwirizana kumeneku n'kololedwa, chifukwa onse ali ndi poloza. Koma kumanzere kwa chithunzicho kuli mayi wanyamula mwana wakufa, mutu wagadamira kumwamba, pakamwa pali yasa, ndipo kumanja kuli munthu wakweza manja m'nyumba yoyaka. Munthu sangaime pamaso pa zimenezi n'kunena kuti ndi chikondwerero cha zokolola.

Mayankho a ana anu sakundidabwitsa, chifukwa phiri la Mulanje silinakhalepo ndi tanthauzo limodzi kwa anthu okhala m'munsi mwake. Ndi gwero la madzi a Ruo, Likhubula ndi Lichenya. Ndi malo a mizimu ya makolo, ndipo nsonga yake yayitali, ya mamita 3,002, imatchedwa Sapitwa. Ndi kwawo kwa mkungudza umene wadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutha. Mu 2025 UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, linaliika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse chifukwa cha chikhalidwe cha anthu olizungulira. Koma ndi phiri lomwelo limene linatsitsa madzi ndi miyala ku Phalombe mu 1991, n'kubwerezanso m'madera ambiri pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Ana amene ali m'kalasi mwanu mu 2023 anali atakula kale moti akukumbukira, ndipo aliyense analankhula za phiri limene banja lake likulidziwa.

Pa funso lanu lachiwiri, musamukakamize. Ana ena amajambula chifukwa mawu awasowa, ndipo kumuimiritsa pamaso pa anzake kuti afotokoze kukhoza kumuchititsa kuti asadzajambulenso zochokera mumtima. Musathamangirenso kuganiza kuti mukudziwa kale chimene chinamuchitikira. Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti chithunzi cha Vincent van Gogh cha munda wa tirigu ndi akhwangwala akuda chinali chomaliza pa moyo wake, ndipo ankawerengamo imfa yake ya mu Julayi 1890, koma ofufuza anapeza kuti iye anajambulanso zina pambuyo pa chimenecho. Nkhani imene anthu ankaidziwa kale ndi imene inawatsogolera maso. Mtsikanayo mumuyamikire pa zimene wachita bwino, monga kulimba mtima kogwiritsa ntchito mitundu iwiri yokha, mumupatse pepala lina, ndipo ngati adzafuna kulankhula, adzakupezani muli nokha.

Akonzi,
Pabalaza panga pali chithunzi cha Mgonero wa Ambuye chimene ndinagula pamsika zaka zapitazo. Mdzukulu wanga wandifunsa chifukwa chake onse akhala mbali imodzi ya tebulo, ndiponso chifukwa chake onse ndi azungu. Ine ndakhala ndikuchiona ngati chithunzi cha mtendere ndi chiyanjano, koma iye akuti anthuwo akukangana. Ndani akunena zoona?
Mkulu wa mpingo, Luchenza

Bambo, ngati chithunzi chanu ndi chija chofala kwambiri, chinatengedwa pa chimene Leonardo da Vinci anajambula pakhoma la chipinda chodyera cha amonke ku Santa Maria delle Grazie, mumzinda wa Milan ku Italy, pakati pa 1495 ndi 1498. Mdzukulu wanu ali ndi maso akuthwa. Leonardo anasankha mphindi imene Yesu wangonena kumene kuti mmodzi wa iwo adzamupereka, ndipo ophunzirawo, amene aikidwa m'magulu anayi a anthu atatuatatu, adzidzimuka aliyense mwa njira yake. Tomasi wakweza chala m'mwamba, Petro wagwira mpeni, ndipo Yudasi wabwerera m'mbuyo, nkhope ili mumthunzi, dzanja lafumbata kathumba. Koma mtendere umene inu mwakhala mukuuona ulimonso, chifukwa pakati pa chipwirikiti chonsecho Yesu wakhala phee, manja atatambasula pa tebulo, ndipo mizere yonse ya chipindacho imatsogolera diso kumutu kwake. Inu mwakhala mukuyang'ana pakati, mdzukulu wanu wayang'ana m'mbali.

Akhala mbali imodzi kuti odyera m'chipindamo aziona nkhope zonse, ngati kuti tebulo la Ambuye lili m'chipinda chomwecho. Akuoneka ngati azungu chifukwa Leonardo ankajambula nkhope za anthu a ku Italy amene ankakhala nawo, osati chifukwa anthu a ku Galileya ankaoneka choncho. Amisiri a kwathu kuno achitanso chimodzimodzi ndi nkhope zathu. Ku Mua, m'boma la Dedza, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976, nkhani za m'Baibulo zimasemedwa ndi kujambulidwa ndi nkhope za Amalawi, ndipo ngati mungathe kumutengerako mdzukuluyo, funso lake lidzapeza yankho labwino kuposa langa.

Akonzi,
Ndine mnyamata wojambula, ndipo ndimagulitsa zithunzi kwa alendo okwera phiri pa Likhubula. Masiku ano ndayamba kujambula zopanda munthu, nyama kapena mtengo, zongokhala mitundu ndi mizere, monga mmene ndimamvera chiperoni chikagwa. Anzanga akuti ndikuwononga penti. Mlendo wina anagula chimodzi, nati chikumukumbutsa nyanja ya kwawo, chonsecho ine sindinaganizeko za nyanja. Kodi ndikanamuuza kuti walakwitsa? Kodi ndiyenera kufotokoza tanthauzo la chithunzi chilichonse?
Wojambula wa ku Likhubula, Mulanje

Achimwene, simukuwononga penti, ndipo anzanuwo asaganize kuti kujambula mizere ndi mitundu yokha ndi mwambo wobwera ndi alendo. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala, amene UNESCO inawazindikira mu 2006. Zakale kwambiri kumeneko ndi zofiira, ndipo zambiri mwa izo ndi mizere, madontho ndi zozungulira zimene amati zinajambulidwa ndi Akafula. Eni ake anapita kalekale osatisiyira kumasulira, komabe munthu akaima pansi pa thanthwe n'kuziyang'ana amadziwa kuti dzanja limene linazijambula silinkasewera. Zoyera, zimene Achewa anajambula pambuyo pake ndi dothi loyera, zimakhudzana ndi chinamwali ndi gule wamkulu, ndipo tanthauzo lake lenileni linkaperekedwa kwa olowa mwambo okha. Choncho makolo athu ankadziwa kale kuti chojambula chikhoza kuonedwa ndi aliyense popanda mwini wake kufotokoza zonse.

Mlendo uja sanalakwitse, malinga ngati nyanja yakeyo anaipeza mu utoto wanu. Chiperoni ndi chinyezi chimene mphepo imabweretsa kuchokera kumbali ya nyanja ya mchere kudzera ku Mozambique, ndipo ngati munajambula kutuwa, kuzizira ndi kusaoneka kwa malire a thambo ndi dziko, munthu wokulira m'mphepete mwa nyanja yozizira akhoza kuzindikira zomwezo ndi dzina lina. Chimene chikanakhala chabwino ndi kumufunsa kuti akulozereni pamene nyanjayo ili, kenako inu n'kumuuza za chiperoni, mmene chimatsikira pa nsonga ya Chambe n'kubisa phiri lonse kwa masiku angapo. Akanachoka ndi zinthu ziwiri m'malo mwa chimodzi, ndipo inu mukanadziwa chimene burashi yanu inachita popanda inu kuzindikira.

Chimene ndingakuchenjezeni nacho ndi chizolowezi chopeka tanthauzo pofuna kugulitsa. Ndikudziwa kuti wogula akafunsa, ndipo ndalama ya penti ndi ya chakudya zili m'thumba mwake, n'kosavuta kunena kuti mzere uwu ndi mzimu wa makolo ndipo dontho ili ndi misozi ya Afrika. Mukatero kawirikawiri mudzayamba kujambula zoti zigwirizane ndi nkhani zimene alendo amakonda kumva, ndipo chiperoni chanu chidzasowa m'zithunzimo. Ngati simukufuna kufotokoza zambiri, chipatseni chithunzicho dzina lalifupi loona, chifukwa dzina limatsogolera woona popanda kumutsekera njira. Kumbuyo kwa nsalu lembani dzina lanu, chaka, malo amene munajambulira ndi mtundu wa penti umene munagwiritsa ntchito, ndipo musanachipereke kwa wogula muchitole ndi foni kuti mukhale ndi kaundula wa ntchito zanu zonse.